Nambala 2,147,483,647 si nambala wamba

Ana anga a Grade 8 kuno ku Lusaka amadziwa kuti prime number ndi nambala yomwe siigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 2, 3, 5, 7, 11. Mukhale ndi tomato 13 pa Soweto Market, simungaunjike milu yofanana popanda wina kutsala, pokhapokha muike mmodzimmodzi kapena mulu umodzi wa onse. Koma ambiri amathera pomwepo, pomwe zokoma zili kutsogolo, ndiye lero tione nambala imodzi chabe, 2,147,483,647.

Nambala iyi ndi prime. Mumaipeza mukachulukitsa 2 ndi 2 ndi 2 mpaka ma 2 akwane 31, kenako nkuchotsapo 1. Ma prime obwera motere amatchedwa Mersenne primes, dzina lochokera kwa Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe anamwalira mu 1648. Mndandanda wake umayamba 3, 7, 31, 127, 8191, 131071, 524287, ndipo yathuyi ndi yachisanu ndi chitatu. Osaganiza kuti njirayi imabala prime nthawi zonse ayi, ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Chinanso, 31 yemweyo ndi Mersenne prime, choncho nambala yathu imalowa m'gulu laling'ono kwambiri la double Mersenne primes, ndipo odziwika alipo anayi basi.

Mbali yomwe ndimaikonda kwambiri ndi mmene Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anatsimikizira mu 1772 kuti ndi prime, wopanda kompyuta, wopanda kalikyuleta, komanso maso ake anali atasiya kuona. Choyamba simufunika kuyesa manambala onse mpaka 2 biliyoni, mumaima pa 46,340, chifukwa ngati pali ziwiri zochulukitsana kuti zipereke nambalayi imodzi iyenera kukhala yosapitirira pamenepo. Chachiwiri, ngati chiwerengero cha ma 2 ochulukitsanawo ndi prime yoposa 2, prime iliyonse yogawa nambala ya mtunduwu imatsala ndi 1 mukaigawa ndi kawiri ka chiwerengero cha ma 2 aja, onani 23 ndi 89 uja, onse amatsala ndi 1 mukawagawa ndi 22. Ndiye kwa yathuyi mumangoyesa zotsala ndi 1 pogawa ndi 62, ntchito yomwe imaoneka yosatheka nkuchepa mpaka munthu kuimaliza ndi pensulo. Masamu enieni ndi amenewa, kuganiza kaye musanayambe kugawa, ndipo ndimafuna ana athu aziphunzitsidwa zoterezi m'malo moloweza matebulo okha.

Nambalayi ilinso m'makina omwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ndi nambala yaikulu kwambiri yomwe kompyuta ingasunge mu signed integer ya ma bits 32 (malo osungira nambala yathunthu, kaya positive kapena negative, okhala ndi ma 0 ndi ma 1 okwana 32), ndipo makina ambiri akale amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 January 1970. Masekondiwo adzafika pa 2,147,483,647 pa 19 January 2038, nthawi ya kuno ili 05:14 m'mawa, ndiye mapulogalamu omwe sanasinthidwe kupita ku ma bits 64 adzasokoneza deti.

Poyerekeza ndi za masiku ano ndi yaing'ono ndithu. Mu October 2024 Luke Durant, kudzera mu GIMPS, gulu la pa intaneti losaka ma Mersenne primes ndi makompyuta, anapeza Mersenne prime ya ma 2 okwana 136,279,841 kuchotsa 1, yokhala ndi madijiti 41,024,320, pomwe yathuyi ili ndi 10 okha.