Mafuta a omega-6 ndi omega-3: chifukwa chake nsomba siziyenera kusowa pa ndiwo

Pali mitundu iwiri ya mafuta imene thupi silingathe kudzipangira lokha, choncho iyenera kuchokera m'zakudya. Woyamba ndi omega-6, umene ndi wochuluka m'mafuta ophikira a mpendadzuwa ndi a thonje komanso mu mtedza. Wachiwiri ndi omega-3, umene umapezeka pang'ono mu soya ndi masamba obiriwira, koma wambiri uli m'nsomba. Mu 1929, George ndi Mildred Burr a ku University of Minnesota anaonetsa kuti makoswe odyetsedwa chakudya chopanda mafuta m'pang'ono pomwe ankasiya kukula ndipo khungu lawo linkatuwa n'kumasupuka.

Mafuta ochokera ku zomera akalowa m'thupi, chiwindi chimawasintha kaye asanagwire ntchito zina zofunika kwambiri. Omega-6 amasanduka mafuta ena otchedwa arachidonic acid, pamene omega-3 amasanduka EPA ndi DHA, mafuta ofunika ku mtima, ubongo ndi maso. Vuto lake n'lakuti mitundu iwiriyi imadalira enzyme (chinthu cha m'thupi chothandiza kusintha zakudya) imodzimodzi yotchedwa delta-6 desaturase, monga anthu awiri odikirira chigayo chimodzi. M'zaka za m'ma 1960, katswiri wa sayansi Ralph Holman anapeza kuti akawonjezera mtundu umodzi m'chakudya cha makoswe, zopangidwa kuchokera ku mtundu winawo zinkachepa m'chiwindi mwawo. Ziweto nazonso zimatengera zimene zadya: nyama ya ng'ombe yodya msipu imakhala ndi omega-3 wochulukirapo kuposa ya ng'ombe yonenepetsedwa ndi chimanga.

Izi sizikutanthauza kuti mafuta a mpendadzuwa kapena nsinjiro n'zoipa ayi, pakuti omega-6 amatsitsa kolesitulo m'magazi akalowa m'malo mwa mafuta oundana a nyama. Chofunika kudziwa n'chakuti thupi la munthu limapanga DHA wochepa kwambiri kuchokera ku zomera, ngakhale mpikisanowo utachepa. Nsomba zimabwera ndi EPA ndi DHA wopangidwa kale, amene sadikira enzyme ija.

Choncho idyani nsomba monga usipa, matemba kapena utaka kawiri pa sabata ngati n'kotheka, ndipo pophika musazimize m'mafuta ambiri. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ndiwo oyamba kuganiziridwa pogawa ndiwo zimenezi, chifukwa ubongo wa mwana umasonkhanitsa DHA mofulumira m'miyezi 3 yomaliza ya pakati ndi m'zaka 2 zoyambirira, ndipo kuchuluka kwa DHA mu mkaka wa m'mawere kumatsatira zimene mayi akudya.