Kupalasa njinga kuchoka ku Zomba mpaka ku Mangochi: konzekerani chonchi

Kuchoka pa msika wa Zomba kukafika ku Mangochi Boma kudzera mu msewu wa M3 ndi makilomita oposa 120. Munthu wathanzi atha kuwapalasa tsiku limodzi. Ambiri amene amalephera panjira sikuti miyendo yawathera mphamvu ayi. Chimawagonjetsa ndi matako opweteka, ludzu, kapena kachitsulo kakang'ono kamene sanakaone asananyamuke.

Dzipatseni milungu isanu ndi itatu. Pa mlungu palasani katatu: maulendo awiri aafupi a ola limodzi pakati pa mlungu, ndi umodzi wautali Loweruka. Wautaliwo yambani ndi makilomita 30, muziwonjezera 10 mlungu uliwonse. Musalumphe kuchoka pa 40 kufika pa 80 poti tsikulo mwadzuka ndi mphamvu, chifukwa mapapo amazolowera msanga kuposa mawondo, ndipo bondo likayamba kuwawa mumataya milungu iwiri muli pakhomo. Mlungu wachisanu ndi chiwiri dziyeseni: pitani ku Liwonde n'kubwerako tsiku lomwelo, pafupifupi makilomita 100, mutanyamula katundu yense amene mudzayende naye. Popita mudzaona ngati masewera pakuti mukutsikira ku Shire. Mayeso enieni ali pobwerera, pa zitunda za ku Machinga dzuwa lili pamutu. Mlungu womaliza ndi wopuma, kungopalasa pang'ono kuti miyendo isaume.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi wa phiri pakhomo. Kamodzi pa mlungu kwerani msewu wopita ku Ku Chawe. Ikani giya yopepuka kuti mapazi azizungulira mofulumira, pafupifupi ka 80 pa mphindi, m'malo mopondereza giya yolemera mutaimirira. Kupondereza n'kumene kumapha mawondo. Ngati njinga yanu ilibe magiya, ngati zambiri za akabaza, kutsika n'kukankha pa chitunda chachikulu si manyazi. Potsika musagwire mabuleki osalekeza, chifukwa rimu imatentha mpaka chubu kuphulika. Gwirani mwamphamvu musanafike pokhota, siyani, gwiraninso, ndipo gwiritsani ntchito onse awiri.

Chishalo chotsika kwambiri ndi vuto la anthu ambiri. Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Ngati bondo lapindika, kwezani chishalo. Ngati chiuno chikupendekera uku ndi uku popalasa, mwakweza kwambiri. Kuwawa kutsogolo kwa bondo kawirikawiri kumasonyeza kuti chishalo chatsika, kumbuyo kwa bondo kuti chakwera. Musagule chishalo chatsopano kutatsala masiku awiri, thupi liyenera kuchizolowera. Kabudula akhale wopanda msoko wokhuthala pakati, jinzi ayi, ndipo pakani Vaseline pamene khungu limakhudzana.

Madzi: kukatentha ngati mu Okutobala, lita imodzi isadutse ola limodzi ndi theka. Kupyola Liwonde kulowera ku Ulongwe kumatentha kwambiri kuposa kuno, choncho nyamukani kukangocha. Thukuta limatuluka ndi mchere, ndipo madzi okha sabwezera. M'botolo limodzi la lita sungunulani paketi ya Thanzi, kapena masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mkodzo ukada, mwachedwa kale kumwa. Idyani kena kake ola lililonse njala isanabwere: nthochi, mbatata yophika, mtedza, chitumbuwa. Nsima yambiri pakati pa ulendo imalemetsa thupi, isungireni madzulo.

Njinga ipite kwa okonza kutatsala mlungu wathunthu, osati dzulo lake, kuti cholakwika chionekere mudakali pafupi. Auzeni amange masipoko onse mofanana. Sipoko imodzi ikaduka, wilo imayamba kuvina, anzake amalemedwa n'kuyamba kuduka motsatizana, makamaka kumbuyo kumene kuli katundu. Tcheni chitsukeni ndi parafini, chiume, mudonthezere oyilo pang'ono n'kupukuta wotsala. Oyilo wakuda wochotsa mu injini amakoka fumbi, ndipo fumbilo limadya tcheni ngati tupa.

M'kachikwama musasowe pampu, chubu chimodzi chatsopano, zigamba, guluu, sipanala zoyenera mawilo anu ndi masipoko awiri. Tayala likaphwa, musanaike chubu china yendetsani chala mosamala mkati mwa tayala. Munga ukatsalamo, muphwetsanso pasanathe kilomita. Mukaona timabowo tiwiri toyandikana ngati mano a njoka, si munga umenewo: mpweya unachepa, rimu inapana chubu pa dzenje. Pomata, palani pabowo, pakani guluu, dikirani mphindi zisanu asiye kunyezimira, kenako ikani chigamba. Chomata pa guluu wamadzi chimamatuka.

Katundu agawidwe mbali zonse ziwiri za keriyala, zolemera pansi, osati kumsana. Yendani kumanzere, valani chipewa choteteza mutu ndi malaya owala. Pa Domasi, pa Malosa ndi pa Liwonde chenjerani ndi maminibasi oima mwadzidzidzi, ndipo mukamva lole ikubwera kumbuyo pamalo opapatiza, patukirani kumbali idutse.