Kampani ikagwa kuno ku Joni: za business rescue zinachokera kuti

Ambiri a ife a kwathu amene tili kuno ku Joni tikamva kuti kampani yalowa mu business rescue timangoti basi yatha, tiyambe kusaka ganyu kwina, ena mpaka amasiya kupita ku ntchito tsiku lomwelo. Abale anga business rescue (kuyesa kupulumutsa kampani) ndi liquidation (kuitseka nkugulitsa katundu wake) ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusiyana kwakeko ndi kumene kumanena ngati mulandire malipiro anu kapena mubwerere ku Mangochi chimanjamanja. Nchifukwa chake ndati tiyambe kumbuyo, tione kumene malamulowa anachokera.

Kale njira inali imodzi. Kampani ikalephera kubweza ngongole, amaika munthu woti agulitse katundu yense, magalimoto, makina, mipando, kenako agawire ndalamazo amene kampaniyo ili nawo ngongole, banki patsogolo chifukwa imakhala itagwira chikole, antchito cha kumbuyo. Lamulo lalikulu la zimenezi kuno ndi Insolvency Act ya 1936 ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero, lamulo la nthawi imene agogo athu ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi. Koma South Africa inali m'gulu la mayiko oyambirira kuganiza zoti kampani yodwala ipatsidwe mpata, chifukwa mu 1926 anayambitsa zimene ankati judicial management, ndipo anazisunganso mu lamulo la makampani la 1973. Maganizo anali abwino koma sizinayende. Umayenera kupita ku khothi, zomwe ndi ndalama zambiri za maloya, ndipo umayenera kuonetsa kuti kampaniyo idzatha kubweza ngongole zake zonse, tangoganizani kampani yoti ikulephera kale kulipira lendi. Kuonjezera apo anthu amene ankapatsidwa ntchito yoyendetsa kampaniyo nthawi zambiri anali omwe aja ozolowera kutseka makampani, ndiye mapeto ake ambiri ankathera mu liquidation momwemo.

Kunja zinthu zinasintha msanga. Ku America mu 1978 anakhazikitsa Chapter 11, kumene mabwana a kampani amakhalabe pampando, ongongoza onse amaimitsidwa kaye, ndipo mbali zonse zimakambirana pulani ya mmene ngongole zidulidwire. General Motors inalowa mmenemo mu Juni 2009 ndipo pasanathe miyezi iwiri inatulukamo, mpaka lero ikupanga magalimoto. Ku Britain lipoti la Kenneth Cork la 1982 ndi limene linabala lamulo la 1986 lobweretsa administration, koma iwo anasankha kuti munthu wakunja kwa kampani ndiye agwire chiwongolero osati mabwana omwe aja anaigwetsa.

Kuno anatenga za uku ndi uku. Lamulo latsopano la makampani la 2008 linayamba kugwira ntchito pa 1 Meyi 2011, tsiku la apantchito lenileni, ndipo mutu 6 wa lamulolo ndiwo business rescue. Mmene zimayendera ndi chonchi, ndipo apa ndikupempha muwerenge mofatsa chifukwa ndi pamene pali nkhani yathu. Kampani ikaona kuti m'miyezi 6 ikubwerayo siitha kulipira ngongole zake, mabwana a bodi atha kugwirizana okha kuilowetsa mu business rescue nkukapereka mapepala ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, popanda kupita ku khothi. Amasankha munthu wotchedwa business rescue practitioner amene amatenga ulamuliro. Kuyambira pamenepo palibe wongongoza amene angakasume kapena kulanda katundu popanda chilolezo cha practitioner kapena khothi. Iye ayenera kutulutsa pulani m'masiku 25 ogwira ntchito ngakhale nthawi zambiri amapempha masiku oonjezera, kenako ongongoza amavota, ndipo kuti pulani idutse imafunika kupeza mavoti opitirira 75 peresenti potengera kukula kwa ngongole.

Nanga wantchito? Ntchito yanu simatha, mumapitiriza ndi malipiro omwewo ndi mgwirizano womwewo, akafuna kuchotsa anthu ayenera kutsata ndondomeko yonse ya Labour Relations Act monga kampani ina iliyonse, kukambirana kaye, osati kungokuuzani pageti kuti mawa musabwere. Malipiro amene akugwa mkati mwa nthawi ya rescue amaikidwa patsogolo kwambiri, akalipira practitioner ndi zoyendetsera ntchitoyo otsatira ndi antchito. Chinanso chimene ambiri sitidziwa nchakuti lamulo limawerenga antchito ndi yuniyoni yawo ngati anthu okhudzidwa, ali ndi ufulu wodziwitsidwa, wopanga komiti yawo, wolankhulapo pa pulani, ngakhale wopita okha ku khothi kukapempha kuti kampani ilowe mu rescue mabwana akamazengereza. Ine ndimaona kuti apa opanga lamulo anaganizira munthu wamba ndithu, kuposa mayiko ambiri.

Mayeso enieni anabwera cha m'ma 2018 kupita mtsogolo. Makampani a zomangamanga kumene abale athu ambiri ankagwira ntchito anayamba kugwa, Basil Read mu 2018, Group Five mu 2019. South African Airways inalowa mu Disembala 2019 nkutuluka mu Epulo 2021, yamoyo inde koma yochepa kwambiri, anthu masauzande atachotsedwa ntchito ndipo boma litathiramo mabiliyoni. Edcon inalowa mu Epulo 2020 nthawi ya lockdown, kampani yeniyeniyo siinapulumuke koma masitolo anagulitsidwa, Jet inapita ku Foschini Group, Edgars ku Retailability, nchifukwa chake mukuwaonabe m'mamolo ndipo antchito ambiri anapitiriza. Comair ya ndege za kulula inalowa mu Meyi 2020, inayambanso kuuluka, koma mu Juni 2022 ndalama zinatheratu nkutsekedwa. Tongaat Hulett ya shuga inalowa mu Okutobala 2022, positi ofesi mu Julayi 2023. Lamulo limaganizira kuti zonsezi zitha m'miyezi itatu koma zina zimatenga zaka, practitioner akulandirabe ndalama zake mwezi ndi mwezi, ndipo limeneli ndi dandaulo lalikulu limene ongongoza ndi antchito ali nalo. Vuto lina nlakuti mabwana ambiri amadikira mpaka mu akaunti mutauma ndiye nkumathamangira rescue, zili ngati kutengera wodwala ku chipatala atasiya kale kulankhula.

Pa nthawi yomweyo mayiko a ku Ulaya anathamanga kukonza malamulo awo. Britain mu Juni 2020 inabweretsa restructuring plan, imene imalola khothi kukakamiza gulu la ongongoza limene lakana pulani bola lisaluze kuposa mmene likanaluzira kampani ikanagwa, ndipo Virgin Atlantic ndi imene inayamba kugwiritsa ntchito njirayi. Germany ndi Netherlands anayamba malamulo ofanana nawo pa 1 Januwale 2021 potsatira lamulo la European Union la 2019. Musaganize kuti izi nzakutali, Steinhoff imene inali mwini wamkulu wa Pepkor, kampani ya Pep ndi Ackermans kumene timagula zovala zotumiza kumudzi, itagwa ndi chinyengo cha m'mabuku mu Disembala 2017 nkhani yake inakathera ku khothi la ku Amsterdam mu 2023 pansi pa lamulo latsopano la ku Netherlands lija, chifukwa kampani yaikuluyo inalembetsedwa kumeneko. Ku America nako khothi lalikulu mu Juni 2024 linakana kuti banja la Sackler, eni ake a kampani ya mankhwala ya Purdue Pharma, libisale kuseri kwa Chapter 11 pa milandu ya anthu amene sanavomere, pamene iwo eni sanalengeze kuti agwa.

Kuno ku Africa, Kenya inasintha lamulo mu 2015, kwathu ku Malawi tinakhala ndi Insolvency Act mu 2016 imene ili ndi njira yokonzanso kampani m'malo moitseka, Zambia 2017, Zimbabwe 2018. Air Malawi inatsekedwa lamulo lathulo lisanabwere. Koma lamulo palokha silipulumutsa, masitolo a Nakumatt ku Kenya anaikidwa mu administration mu 2018 ndipo mu 2020 anatsekedwabe.

Chimene chimandiwawa ine ndi mbali ya liquidation kuno ku South Africa, imene yatsala mmbuyo kwambiri. Kutseka kampani yogwa kukuyendabe ndi mbali ina ya lamulo la 1973 pamodzi ndi la 1936 lija, ngakhale bungwe lounika malamulo linatulutsa lipoti lake lokonzanso zonsezi mu 2000. Kampani ikatsekedwa mgwirizano wanu wa ntchito umaimitsidwa, simugwira ntchito ndipo simulipidwa, ndipo pakadutsa masiku 45 liquidator (wogulitsa katundu wa kampani uja) ataikidwa ntchito imatheratu ngati palibe mgwirizano wina. Pa ndalama zimene kampani ikuyenera kukulipirani, zimene zimaikidwa patsogolo ndi malipiro a miyezi yosapitirira itatu mpaka R12,000, za tchuthi mpaka R4,000, za severance mpaka R12,000, zotsalazo mumaima pamzere umodzi ndi ongongoza wamba kumene nthawi zambiri kumatsala timasenti. Munthu wagwira ntchito zaka 15, akulipira lendi ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, ana kumudzi akudikira fizi, ndiye R12,000 ingamufikitse pati?

Ndipo ambiri a ife sitigwira ku Edcon kapena ku SAA, tili m'timakampani ting'onoting'ono ta zomanga, ta ulonda, ta m'maresitilanti, kumene palibe za practitioner, bwana amangotseka geti nkuzimitsa foni, mwezi wamawa watsegula kampani ina ndi dzina lina. Business rescue imafuna ndalama ndiye imafikira akuluakulu. America inaona vuto limeneli ndipo mu 2020 inayamba njira yachidule ndi yotchipa ya mabizinesi ang'ono, kuno mutu 6 uja ndi umodzi kwa onse. Amene mapepala awo sali bwino amaopa ngakhale kufunsa, koma khothi la zantchito linagamula mu 2008 pa mlandu wa Discovery Health kuti mlendo amene pemiti yake inatha amawerengedwabe ngati wantchito ndipo atha kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito. Ndiye sungani mapesilipi anu onse ndi kontrakiti, onetsetsani ngati UIF (ndalama yothandiza otha ntchito) imene amakudulani ikuperekedwadi chifukwa kampani ikatsekedwa ndi imene mungayambe kulandira, ndipo mukamva kuti aika practitioner kapena liquidator funsani dzina lake, mumulembere kuti kampani ikuyenera kukulipirani zingati, dzina lanu likhale pa mndandanda wake misonkhano isanayambe.