Mikangano imene inamanga nyumba za boma mu Lilongwe

Mlendo wofuna kuona nyumba zakale za boma m'dziko muno kawirikawiri amalozeredwa ku Zomba, ndipo m'pomveka kutero, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali likulu kuyambira mu 1891, Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain, ndipo nyumba za njerwa zofiira za nthawi ya atsamunda zidakalipobe m'tsinde mwa phiri. Nyumba za boma za mu Lilongwe n'zadzulodzulo poyerekeza ndi zimenezo. Komabe munthu amene angayende kuchokera ku Capital Hill kutsikira ku Nyumba ya Malamulo ndi pa chiliza cha Kamuzu, ali ndi womufotokozera wodziwa bwino, adzapeza kuti pafupifupi nyumba iliyonse inamangidwa pambuyo pa mkangano, ndipo mikanganoyo ndi imene ili yoyenera kuimva kuposa kungoyang'ana makoma.

Lilongwe anayamba ngati boma laling'ono m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomweli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo anakula chifukwa cha fodya komanso chifukwa msewu wochokera kummwera kupita kumpoto unkakumana pamenepa ndi wopita ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Mu 1947 malowa anapatsidwa ulemu wokhala tauni. Mbali imeneyi ndi imene lero timaitcha Old Town, ndipo mpaka dziko litalandira ufulu mu 1964 kumpoto kwa mtsinje wa Lingadzi kunali midzi, minda ndi tchire.

Dr. Hastings Kamuzu Banda ankakonda kunena pamisonkhano kuti ali m'ndende ya Gwelo, kumene anatsekeredwa kuyambira mu Malichi 1959 mpaka mu Epulo 1960, analota zinthu zitatu: kusamutsa likulu kupita ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Chifukwa chimene boma linkapereka chinali chakuti chitukuko chonse chinaunjikana m'chigawo chakummwera, mu Blantyre ndi mu Zomba, pamene chigawo chapakati ndi chakumpoto zinatsalira, ndiponso kuti Zomba, pokhala m'mbali mwa phiri, analibe malo okulirako. Otsutsa ankanong'onezana kuti Ngwazi ikukokera likulu kufupi ndi kwawo ku Kasungu, kumene chipani cha Malawi Congress chinali ndi mizu. N'kutheka kuti zifukwa zonse ziwiri zinali zoona nthawi imodzi. Ganizoli linamangidwa mu 1965, koma boma la Britain, limene panthawiyo linkathandiza dziko lino ngakhale pa ndalama zoyendetsera boma, linakana kuikapo ndalama ponena kuti dziko losauka linali ndi zina zofunika msanga.

Ndalama zinachokera kumene maiko ena a mu Africa sankafuna n'komwe kupondako. Malawi atakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, boma la tsankho la ku Pretoria linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni mu 1968, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti liyang'anire ntchito yomanga ndi kukopa amalonda. Pulani ya mzinda nayo inajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo ena amaona chizindikiro cha zimenezi m'mene mzindawu unayalidwira, maeriya otalikirana, olekanitsidwa ndi mitengo ndi madambo, a anthu opeza bwino pafupi ndi maofesi ndipo a anthu wamba kutali. Aliyense amene anayesapo kuyenda wapansi kuchokera ku Old Town kupita ku City Centre dzuwa lili paliwombo amadziwa kuti mzindawu anaukonzera anthu a galimoto. Mabanja a m'midzi imene inali pamalo a likulu anasamutsidwa, ndipo mbiri yawo simveka kwenikweni pamene alendo akuonetsedwa mzinda. Lilongwe anakhala likulu mwalamulo mu Januwale 1975.

Capital Hill ndiye mtima wa ntchito yonseyo. Ndi mndandanda wa nyumba zosanjikizana zofanana maonekedwe, zoyalidwa pachitunda pakati pa mitengo, mmene muli maunduna ndi ofesi ya Pulezidenti ndi nduna zake. Sizinamangidwe modzionetsera, ndipo munthu wozolowera nyumba za magalasi za masiku ano akhoza kuziderera, koma m'makhonde amenewa ndi mmene munalembedwa malamulo ndi ndondomeko za chuma za ulamuliro wa chipani chimodzi ndi za maboma onse otsatira, ndiponso ndi mmene munaphulikira nkhani ya Cashgate mu 2013, zitadziwika kuti ndalama za boma zinkatuluka kudzera m'macheke olipira katundu ndi ntchito zimene sizinachitike. Wolowa pachipata amafunsidwa kumene akupita ndi chimene akukafuna, popeza awa ndi malo a ntchito, ndipo palibe chikwangwani kapena chipinda chofotokoza mbiri ya malowa kwa mwana wasukulu amene wabwera kudzaona.

Nkhani yokoma kwambiri ndi ya nyumba yachifumu imene lero ikutchedwa Kamuzu Palace. Kamuzu anaimanga kwa zaka zambiri, ya zipinda pafupifupi 300, pamalo aakulu kunja kwa City Centre, koma iye mwini anakhalamo nthawi yochepa kwambiri chifukwa ankakonda Sanjika ku Blantyre. Chodabwitsa china n'chakuti ngakhale likulu linasamuka mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba kwa zaka pafupifupi 20, kotero kuti nduna ndi akuluakulu a m'maunduna ankayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 300 nthawi iliyonse ya zokambirana. Bakili Muluzi atapambana chisankho cha 1994 anakana kukhala m'nyumbayi, imene panthawiyo inkatchedwa New State House, ponena kuti inali ya mwanaalirenji pakati pa anthu osauka, ndipo anaipereka kwa aphungu kuti ikhale Nyumba ya Malamulo. Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 ananena kuti malo a mtsogoleri wa dziko ndi ku likulu, ndipo analamula kuti aphungu ndi antchito awo apeze kwina. Mu Malichi 2005 kunamveka mphekesera yakuti Pulezidenti wathawamo chifukwa cha mizukwa, iye anatsutsa mwaukali, ndipo atolankhani amene analemba nkhaniyo anamangidwa. M'nyumba yomweyi ndi mmene Bingu anagwera mu Epulo 2012. Mlendo wamba saloledwa kulowamo, ndipo kujambula zithunzi pafupi ndi chipata chake kukhoza kumuika munthu m'mavuto ndi achitetezo.

Kusowa pokhala kwa aphungu ndi kumene kunabala Nyumba ya Malamulo imene ili m'mbali mwa msewu wa Presidential Way. Ntchitoyi inayamba ndi thandizo la Taiwan, dziko limene linali paubale ndi Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, koma mu Disembala 2007 boma la Bingu linadula ubalewo n'kugwirana chanza ndi China. Boma la ku Beijing linatenga ntchitoyo n'kuimaliza ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 41 miliyoni, ndipo nyumbayo inatsegulidwa mu Meyi 2010. Ndi imene ili kuseri kwa ndalama ya K200, imene kumaso kwake kuli Rose Chibambo. Mwa nyumba zonse zimene tatchulazi, iyi ndi imene nzika ingalowemo mosavuta, chifukwa m'chipinda chokambirana muli malo apamwamba okhalapo alendo, ndipo magulu a ana asukulu ovala yunifolomu amabwera atakonzeratu ndi akuluakulu a nyumbayi. Akakhala pamenepo amaona ndodo yaulemu ikulowa patsogolo pa Sipikala n'kuikidwa patebulo, aphungu a boma kudzanja lamanja la Sipikala ndi otsutsa kumanzere, ndipo Sipikala amawalonjera potchula dzina la sukulu yawo, aphungu n'kumenya matebulo. Kwa mwana wochokera ku Mitundu kapena ku Nsaru, amene ankangomva zokambiranazi pawailesi, tsiku limenelo limamuphunzitsa zambiri kuposa mutu wonse wa m'buku.

Pafupi pomwepo pali chiliza cha Kamuzu, chimene nacho chinachedwa chifukwa cha ndale. Kamuzu anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 ndipo anaikidwa m'manda pamalo amenewa mu Disembala, koma boma la nthawiyo linali litachotsa dzina lake pa bwalo la ndege, pa chipatala chachikulu ndi pa bwalo la masewero, ndipo manda ake anakhala opanda chomangidwa cholongosoka kwa zaka zingapo. Bingu anabwezeretsa mainawo, ndipo chiliza cha miyala yosalala chinatsegulidwa pa 14 Meyi 2006, chili ndi nsanamira zinayi zokumbutsa ngodya zinayi za ulamuliro wa Kamuzu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amene abale awo anatsekeredwa ku Mikuyu kapena ku Dzaleka popanda mlandu amawerenga mawu amenewa ndi mtima wina, ndipo pachilizapo palibe chotchula za iwo. Kumtunda pang'ono, cha ku Area 18, kuli nsanja yokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse ndi pa ntchito zina za usilikali, ndipo patsogolo pake pali chiboliboli cha Kamuzu atanyamula litchowa. Mwambo wa mu Novembala woika nkhata za maluwa, umene kale unkadziwika ndi chipilala cha King's African Rifles ku Zomba, umachitikanso pansanja imeneyi.