Control yanu sidzijambula yonse mukaikulitsa

Ambiri olemba ma control awoawo (tizigawo tooneka pa windo ya pulogalamu, monga mabatani) mu WinForms (chida cha Microsoft chopangira mapulogalamu a Windows) akhala akukhulupirira kuti ukakoka windo kuti ikule ndiye kuti Windows ijambulanso control yonse payokha. Ayi ndithu, sizili choncho. Windows imangopempha OnPaint, method yomwe imajambula control, kuti ijambule kachigawo katsopano kamene kangoonekera kumene, kwinako imasiya momwe kunalili, ndipo ukachepetsa windoyo nthawi zambiri OnPaint siitanidwa n'komwe poti palibe malo atsopano oti ajambulidwe.

Ndiye tangoganizani mwajambula bwalo pakati pa control kenako mukukoka ngodya pang'onopang'ono, mumangoona tizidutswa ta mabwalo tothithikana m'mphepetemu pomwe bwalo lakale lija lili pompo osasuntha. Apa munthu amayamba kukayikira masamu ake chonsecho masamuwo ali bwinobwino.

Kukonza kwake sikuvuta, mu constructor (code yomwe imayamba kuyenda control ikamapangidwa) ikani ResizeRedraw = true kuti control izijambulidwanso yonse kukula kwake kukasintha, kapena itanani Invalidate(), yomwe imauza Windows kuti ijambulenso control yonse, mu OnResize, method yomwe imaitanidwa kukulako kukasintha. Chimene chimandiwawa ine ndi kuona wina akujambula mu OnResize momwemo ndi CreateGraphics (method yolola kujambula pa control kunja kwa OnPaint), zimenezo zimafufutika OnPaint ikangoitanidwanso. Control ikayamba kuphethira yatsani DoubleBuffered (imajambula kaye mu memory kenako n'kuonetsa zonse kamodzi), ndipo miyeso muziitenga pa ClientSize (kukula kwa malo ojambulapo a control) mkati mwa OnPaint nthawi zonse, osasunga ya pachiyambi ija.