Dzina la Sandfontein ndi mizinga iwiri ya mu 1914

Mu Ogasiti 2019 gulu la nkhondo la South Africa linasintha mayina a magulu 52 a asilikali apadera, aja amene amakhala pa ntchito zawo za masiku onse n'kumaitanidwa kukachita maphunziro kapena nkhondo ikabuka. Limodzi mwa magulu amenewa ndi la mizinga la ku Johannesburg, Transvaal Horse Artillery, lomwe tsopano limatchedwa Sandfontein Artillery Regiment. Asilikali ena akale anadandaula kuti dzina la zaka zoposa 100 latayidwa. Ena anafunsa chifukwa chake gulu litchedwe dzina la malo amene linagonja. Funso lachiwirili ndi lomveka, ndipo yankho lake lili m'zimene zinachitika tsiku limodzi lokha.

Gululi linayamba pa 17 Malichi 1904, nkhondo ya Maburu ndi Angelezi itangotha kumene, ndipo poyamba linkatchedwa Lys Volunteer Corps potengera dzina la mtsogoleri wake, Major Godfrey Lys. Pasanapite nthawi linatenga dzina la Transvaal Horse Artillery. Mu 1913 linalowa m'gulu la nkhondo la dziko latsopano la Union of South Africa.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba, boma la Louis Botha linavomera kulanda dziko la Ajeremani la South West Africa, lomwe lero ndi Namibia. Asilikali a South Africa otsogoleredwa ndi Brigadier General Henry Lukin anatsikira ku Port Nolloth n'kukafika pa Raman's Drift, pa mtsinje wa Orange. Kutsidya kwake ndi chipululu, ndipo aliyense wopita ndi akavalo ku tauni ya Warmbad, m'dziko la Ajeremanilo, ankayenera kumwa pa zitsime za Sandfontein. Vuto la malowo ndi ili: zitsimezo zili m'munsi mwa kaphiri kakang'ono kozunguliridwa ndi mapiri ataliatali. Wokhala pa zitsime amaoneka kwa aliyense amene ali pamwamba.

M'mawa wa pa 26 Seputembala 1914, Lieutenant Colonel R.C. Grant anafika pamalopo kudzathandiza kagulu kamene kanali kale pa zitsime. Anabwera ndi mizinga iwiri ya Transvaal Horse Artillery yotsogoleredwa ndi Lieutenant F.B. Adler. Onse pamodzi anali pafupifupi 300. Ajeremani a Joachim von Heydebreck, oposa 1,000 ndiponso okhala ndi mizinga 10, anawazinga mbali zonse n'kudula waya wa lamya wopita ku Raman's Drift.

Mizinga ya Adler inali ya mtundu wa 13-pounder. Kamwa lake ndi mamilimita 76, chipolopolo chake chimalemera makilogalamu osakwana 6, ndipo chimafika mtunda wa makilomita 5 ndi pang'ono. Mzinga umodzi ankaukoka akavalo 6. Unapangidwa kuti uzithamanga limodzi ndi asilikali a pa akavalo: kufika, kumasula, kuwombera, kumanganso n'kusamuka mdani asanadziwe pomwe uli. Pa Sandfontein mphamvu imeneyi inalibe ntchito. Kunalibe kosamukira, ndipo mabomba a Ajeremani atagwera pa akavalo, mizingayo inangokhala pomwe inali. Popeza mdani ankawombera kuchokera mbali zosiyanasiyana, anyamata a Adler ankayenera kunyamula mchira wa mzinga n'kuutembenuza ndi manja, uku zipolopolo zikuwagwera. Mizinga iwiri ikamayankha 10, wowombera wa mbali inayo amakhala ndi mpata woyesa mtunda modekha mpaka atapeza pogunda. Ndi mmene zinathera: oyendetsa mizinga anavulala mmodzimmodzi mpaka yonse iwiri inakhala chete. Amene anatumizidwa kudzawapulumutsa anabwezedwa ndi mfuti za chiwaya. Grant nayenso anavulala, ndipo chakumadzulo mbendera yoyera inakwezedwa.

Olemba mbiri sagwirizana pa ziwerengero. Mabuku ena amati Ajeremani anali 1,200, ena 1,700, ndipo chiwerengero cha akufa chimasiyananso. Adler mwiniwake analemba mbiri ya gululi, kenako Neil Orpen analemba ina yofika mu 1974. Mabuku onse awiri ndi ofunika, koma owerenga akumbukire kuti analembedwa ndi anthu okonda gululo. Pali mkangano winanso wokhudza Manie Maritz, mkulu wa asilikali a South Africa amene anakana kupititsa gulu lake kutsogolo, n'kupandukira boma poyera mu Okutobala. Ambiri amakhulupirira kuti iye ndiye anaululira Ajeremani mapulani. Ngakhale zitakhala choncho, kutumiza anthu ochepa m'chigwa chotero popanda kugwira mapiri ozungulira kunali kulakwa kwa akuluakulu, osati kwa anyamata a mizinga.

Zaka zotsatira tingazidutse mwachangu. Mu Malichi 1922 gululi linagwiritsidwa ntchito pothetsa kuukira kwa azungu ogwira ntchito m'migodi ya Johannesburg. Mu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse linamenya ku East Africa, kenako pa 23 Novembala 1941 ku Sidi Rezegh m'dziko la Libya linawombera akasinja a Ajeremani maso ndi maso, n'kutaya mizinga yake yambiri pamene 5th South African Brigade, gulu lalikulu limene linali nalo limodzi, inaphwanyidwa.

Odandaula ali ndi mfundo, chifukwa amuna ambiri anafa atavala chizindikiro cha dzina lakale. Koma chigawo cha Transvaal chinatha mu 1994, ndipo lamulo la chitetezo la 1912 linkaletsa munthu wakuda kugwira mfuti m'gulu ngati limeneli. Akuda ankaloledwa kuyendetsa ngolo, kusamalira ziweto ndi kunyamula katundu basi, ndipo mayina awo sapezeka kawirikawiri m'mabuku aja. Masiku ano zidzukulu zawo n'zimene zadzaza magulu apaderawa. Magulu ena anapatsidwa mayina a anthu omwe sanakhalepo m'magulumo, monga Cape Field Artillery yomwe inakhala Nelson Mandela Artillery Regiment. La ku Johannesburg linapatsidwa dzina lochokera m'mbiri yake yomwe, ndipo msilikali aliyense wa gululi, wakuda kapena mzungu, angaphunzirepo za ntchito yake: kusankha malo oika mzinga, kuteteza njira yolankhulirana, ndi kusiya mpata wosamukira.