Musanaphatikize ndalama pa geni ya mbewu, mvanani kaye

Nyengo yokolola ikafika, cha mu Epulo ndi Meyi, anthu ambiri amagwirizana awiriawiri. Wina ali ku Joni kapena m'tauni amatumiza mpamba, mnzake kumudzi amapachika sikelo n'kumagula soya kapena chimanga choti adzagulitse mitengo ikakwera. Pangano lonse limathera pa mawu akuti "tidzagawana phindu," ndipo mawu amenewa adanitsa abale ambiri.

Choyamba kumvana n'chakuti ndalamazo ndi ngongole kapena ndi gawo la mu bizinesi. Ikakhala ngongole, imabwezedwa yonse ngakhale malonda atalowa pansi. Likakhala gawo, mwini ndalama amaluza nawo. Ena amafuna zonse ziwiri, zikayenda akhale mnzanu wa bizinesi, zikavuta asanduke wokongoza. Zimenezo zikanidwe tsiku loyamba lomwe. Ngati ndalama zinachokera ku marandi, nenaninso kuti zidzawerengedwa mu ndalama iti, chifukwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anabwezedwa makwacha omwewo anapeza kuti marandi ake achepa kwambiri.

Mukapanda kupangana, lamulo la Partnership Act, lokhudza anthu ochitira bizinesi limodzi, limakugawirani lokha. Phindu ndi kuluza mumagawana mofanana ngakhale wina anaika zambiri, ndipo amene amakhala padzuwa ndi sikelo alibe malipiro apadera. Ngongole imene mmodzi watenga m'dzina la bizinesi imagweranso nonse. Ndiye ngati mukufuna kugawana 60 kwa 40, kapena kuti wogula azilandira kangachepe pamwezi, zilembedwe.

Mkangano waukulu umabuka pa kawerengedwe ka phindu. Musanagawane, chotsani mtengo wa matumba, thiransipoti, aganyu onyamula, lendi ya nyumba yosungiramo, mlonda ndi mankhwala othira m'chimanga. Palinso kupepuka kwa mbewu, komwe wa kutali sakumvetsa msanga. Soya wogulidwa asanaumitsitse amataya madzi ali m'nyumba, moti thumba limene linali la makilogalamu 50 silidzakwananso pogulitsa. Chimanga chikapanda kusamalidwa, anankafumbwe amachisandutsa ufa. Wotumiza ndalama akamva kuti makilogalamu achepa, amangoganiza kuti waberedwa. Pofuna kupewa izi, yezaninso matumba angapo pakatha mwezi, jambulani sikelo, tumizani chithunzi pa WhatsApp, ndipo nonse mulembe nambala imodzi.

Mvananinso za woti alamule kugulitsa. Njira yabwino ndi kutchuliratu mtengo pa kilogalamu umene ukafika katundu atuluke, komanso mwezi womaliza woti agulitsidwe ngakhale mtengowo usanafike. Kupanda apo, wina amafuna kudikira Januwale pamene mnzake fizi ya ana yamufika pakhosi.

Nkhani ya maliro ndi matenda musaichitire manyazi. Zikagwa, dzanja limathamangira ndalama imene ili pafupi, yomwe ndi ya bizinesi. Nenani ngati n'zololedwa kutapamo, malire ake, ndi tsiku lobweza. Ndalama za geni zikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, yosasakaniza ndi za ndiwo.

Zonsezi zimakwana pa pepala limodzi. Lembani m'Chichewa chomveka, ikani tsiku, sainani nonse pamaso pa mboni ziwiri zosakhala za banja limodzi, ndipo aliyense asunge pepala lake. Pangano likasintha pakati pa nyengo, kusinthako kulembedwenso ndi kusainidwa.